Chikombole cha Msana wa Hajji Obaid

Sharjah, 18 Novembala 2007

Make Dalia,

Mtendere ukhale nawe, ukhale ndi Dalia, ukhalenso ndi amayi ako ngati lero adzuka osandinena. Ine ndili bwino, Mulungu atamandike, kupatula kachifuwa kochokera ku makina oziziritsa amene anthu akuno amagona nawo ngati tchizi chosungidwa.

Unati telefoni ndi ya mikangano, kalata ndiyo ya nkhani. Ndamvera.

Wafunsa za ntchito. Uza anthu a pamsewu wathu kuti mwamuna wako, amene anaphunzira mbiri ya mafumu zaka zinayi ku Mansoura, tsopano amayeza matako a anthu olemera. Imene yandibweretsa kuno ndi singano ya bambo anga, amene anandiphunzitsa kukuta mipando monga amachitira bambo aliyense ku Dumyat. Pepala lija la m'felemu lipukute fumbi basi.

Bwana wathu ndi Hajji Obaid, mkulu wa mimba yake ndithu, amene anapeza chuma pogulitsa matayala a malole. Anzawo akumanga nyumba zofika m'mitambo, iwo akupanga galimoto ya mpikisano. Imodzi yothamanga, ndi zina zochepa zoyenda pamsewu, chifukwa malamulo amati yothamangayo ikhale ndi abale ake amene munthu angagule n'kupita nawo kumsika. Aitcha Sarab, dzina la madzi abodza aja amene amaoneka kutsogolo pamsewu dzuwa likapsa. Ndinawafunsa ngati linalibe dzina lina losalosera zoipa. Anati kuchipululu kulibe chinthu china chimene munthu sanachipezepo pochithamangitsa.

Ntchito yanga imayenda chonchi. Mpando wa galimotoyi ndi chigoba chouma. Aliyense woyendetsa amakhala ndi chikombole chakechake cha msana wake, chimene amachiika m'chigobamo akamalowa. Ndimaika thumba lalikulu la pulasitiki pampando, munthuyo n'kukhalapo atagwira chiwongolero, ine n'kusakaniza mankhwala awiri amadzi n'kuthira m'thumbamo. Amafufuma ngati mtanda wa buledi, amatentha, amakumbatira msana wonse mpaka m'nthiti, kenako amauma. Munthuyo asagwedezeke. Akadzuka amasiya dzenje lofanana naye ndendende. Ine ndimadula m'mbali n'kukuta ndi nsalu yosapsa.

Kwa Hajji ndinagwiritsa mankhwala ochepa, pakuti iwo okha anadzaza chigoba. Nsalu anasankha yobiriwira. Ali chikhalire m'thovumo, ataopsezedwa kuti asapume kwambiri, anandiuza cholinga chawo. Pali mpikisano waukulu wa maola asanu ndi limodzi wotsekera nyengo m'Malichi. Akufuna kudzawoloka mzere ali patsogolo pa onse, m'galimoto yawo, chiwongolero chili m'manja mwawo. “Tsiku limenelo, aphunzitsi, ndidzakumasulani mupite kwa akazi anu.” Ndiye werengera chaka chimodzi. Mwina ziwiri.

Ndatumiza ndalama kudzera mwa Fathi, amene wakupatsira kalatayi. Ugule nsapato za Dalia, ukonzetse mpope. Chinthu chimodzi chokha: mchimwene wako asakhale pampando wanga wa pakhonde. Ndinaupanga dzenje zaka khumi, iye angaliwononge pa Lachisanu limodzi.

Mwamuna wako,
Wagdi

Sharjah, 9 Epulo 2009

Make Dalia,

Moni wa munthu wathanzi kwa anthu amene akuwafunira thanzi. Bakha uja unatumiza anafika, koma Fathi akuti mwendo umodzi unatsala pabwalo la ndege. Ndamukhululukira theka.

Ukuti chaka chimodzi chija chili kuti. Funsa Sarab.

Nyengo yoyamba galimotoyi inali ng'anjo. Injini ili kutsogolo, mapaipi a utsi amadutsa pansi pa mapazi, ndiye Hajji anatuluka tsiku lina nsapato itamatirira pachitsulo, iwo n'kuyenda ndi sokosi pamaso pa anthu a ku Ulaya. Injiniya wathu ndi Tanios wa ku Lebanon, munthu amene amalankhula ndi injini m'Chifalansa ikamamumvera ndi m'Chiarabu ikamamuvuta. Chaka chimenecho Chifalansa sitinachimve. Anaboola mphuno ya galimoto ndi denga kuti mphepo ilowe. Mphepo inalowa, mchenga unabwera nayo ngati mlamu.

Nyengo yachiwiri anasuntha mapaipi, anaika sefa, anafutukula mapiko akumbuyo. Ku Dubai chitseko chinatseguka chokha ndipo Hajji anazungulira bwalo lonse atachigwira ndi dzanja limodzi, ngati munthu wothamangira sitima ndi sutikesi yothyoka. Mpikisano waukulu tinamaliza, kutali kumbuyo, koma tinamaliza. Tinadya mbuzi ngati tapambana.

Chachikulu n'chakuti kwabwera Moza, mwana wawo wamkazi, amene anali kusukulu kunja. Mipikisano imeneyi amayendetsa anthu awiri mosinthana, ndipo amene ankathandizana ndi Hajji anali Mzungu wolipidwa wokonda kudandaula. Moza anapempha kuti angoyesa. Ndinamuthirira chikombole, kakang'ono, kodya mankhwala ambiri. Atazungulira kangapo, Tanios anaonetsa Hajji wotchi. Iwo anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti wotchiyo iyenera kuti inapangidwa ndi akazi. Kenako anapita kuseri kwa matayala, ndipo sindikuganiza kuti anapita kukawerenga matayala.

Pali mwambo umene ndimaukonda. Posinthana, wotuluka amachotsa chikombole chake, wolowa amaponya chake, ndipo wotulukayo ndiye amagwada pachitseko n'kumanga mnzakeyo malamba, kuwakoka mpaka munthu aleke kukhala munthu akhale chiwalo cha galimoto. Ndiye uganize: Moza thukuta lili kamukamu, atagwada, akumanga bambo ake ngati mayi wobereka mwana, n'kuwamenya kachibakera pachipewa kuti pitani.

Masana tikapuma ndimakhala pakhoma n'kumayang'ana kumapeto kwa msewu wautali. Kutentha kumasungunula phula n'kukhala nyanja. Sarab imatulukira kumeneko matayala osaoneka, ikuyandama, yoyera ngati ngalawa zolowa ku Ras el-Bar, ndipo phokoso limafika mochedwa ngati moni wa munthu wamanyazi. Nthawi zina ndimawodzera n'kukuona iwe uli m'katimo, ukundifunsa kuti n'chifukwa chiyani mulibe makatani.

Denga likonzedwe dzinja lisanafike. Usalole amisiri akupatse mtengo woyamba, ndiwe wa ku Dumyat, kwa anthu ochenjera pa malonda.

Wako,
Wagdi

Sharjah, 2 Okutobala 2010

Make Dalia,

Ndafika bwino, ndili bwino, ndipo mimba yanga ikukufuna kale. Milungu itatu inathamanga kuposa galimoto yathu.

Usaganize kuti sindinaone zimene unachita. Tsiku lachiwiri nditafika, unayanika madiresi onse a Dalia pachingwe cha padenga, kuyambira kamene anavala pondiperekeza mpaka lalitali lija la chaka chino, motsatana ngati masitepe, chikhalirecho sanali akuda n'komwe. Unandituma kukatenga mapegi. Ndinaima pamenepo mpaka khofi anazizira. Akazi ena amalalata, wanga amayanika zovala. Ndamva, Nagat.

Koma tamvera pamene tafika. Kunyumba sindinakambe bwino chifukwa amayi ako ankangofunsa ngati galimotoyo imanyamula anthu angati.

Tinapambana koyamba ku Bahrain, Moza ndiye anawoloka mzere. Tanios analankhula Chifalansa sabata yonse, ngakhale kwa mphaka. Ndipo apa ndi pamene ndinaphunzira lamulo lodabwitsa la anthu amenewa. Galimoto ikathamanga kuposa zinzake, oweruza amaisenzetsa mtovu. Amamanga bokosi pansi, mbali imene pakanakhala mpando wa wokwera, n'kulidzaza zitsulo zolemerazo, ati kuti onse apikisane mofanana. Ndinaphunzira mafumu ambiri, koma palibe amene anaganiza zolanga kavalo chifukwa cha liwiro.

Ndiye aliyense amabisa. Mpikisano waukulu usanachitike pamakhala tsiku limene oweruza amayeza galimoto zonse, ndipo tsiku limenelo ukaona, ungati ndi maliro. Amuna a ndevu zawo amayenda mwaulesi, akutsokomola, akudandaula za matayala. Tanios amauza Moza kuti pakona yomaliza achotse phazi pang'ono ndipo potuluka aoneke wokhumudwa. Ndinamuuza kuti nzeru imeneyi mkazi wanga anaidziwa kale: amanyamula nyama kuchokera kumsika itakutidwa ndi masamba a kabichi kuopa diso la aneba.

Mpikisano waukulu Hajji anakhala wachiwiri. Anaiona mbendera ikugwedezekera munthu wina patsogolo pawo. Anati chaka chamawa.

Dzulo ndawathirira chikombole chatsopano. Akuti chakale chayamba kugwedera chifukwa asiya mpunga, adokotala anawauza kuti achepetse mimba. Mankhwala analowa ochulukirapo. Ndinawayamikira, iwo anaseka. Koma m'mapewa, Nagat, mpunga sukhala m'mapewa. Mwina ndikungoganiza zambiri, ndi matenda a anthu ophunzira.

Dalia apitirize Chingelezi chija. Ndalama yake ndaika padera.

Wagdi

Sharjah, 21 Okutobala 2011

Make Dalia,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, ndi chaka chovutachi chimene anthu asiya kugula mipando n'kumangoimirira m'misewu pa zionetsero. Ine thupi lili bwino. Uza mchimwene wako atseke shopu msanga, ndipo ngati zavuta mugawane zimene ndatumizazi.

Ndachedwa kulemba. Ndinayamba kangapo.

M'Malichi tinakhalanso achiwiri. Sarab tsopano yakula, ili ndi mabuleki atsopano ndi mphuno ina yotambalala imene imaipangitsa kuoneka ngati ikumwetulira chinthu chimene yamva. Anthu a magalimoto otchuka a ku Italy ndi ku Jeremani, amene kale ankatipatsa moni ngati opempha, tsopano amabwera kudzasuzumira pansi pake. Koma zikalata zololeza galimoto yamtunduwu zimatha, ndipo zathu zikutha nyengo ino. Kuti atipatse zina, tiyenera kupanga galimoto zatsopano zogulitsa, ndipo abale a Sarab ogulitsa aja ambiri akadali m'shedi atafunda nsalu. Choncho Malichi akubwerawa ndi omaliza.

Ndathira zikombole zina ziwiri za Hajji chaka chino. Chachitatu m'Febuluwale. Chachinayi sabata yatha, Lachisanu, anthu onse atapita kukapemphera, chitseko chokhoma. Atavula mkanjo ndinayang'ana kumbali ngati ndikufuna lumo. Ukudziwa mpando wakale ukauchotsa thonje.

Ali m'thovu, osaloledwa kugwedezeka, anandiuza dzina la chimene chikuwadya. Sindililemba. Anati kunyumba amavala mikanjo yotaya, asunga ndevu kuti masaya asaoneke, ndipo pepala la thanzi la laisensi anawasainira dokotala wina mnzawo wosewera naye makadi. Chotsala ndi Moza, chifukwa iye ndiye amakoka malamba, ndipo manja ake amadziwa pamene lamba amathera. Ndiye anandipempha kuti ndisokere siponji m'kati mwa ovololo yawo, pamimba ndi pachifuwa, ndimangenso mimba imene inapita.

“Aphunzitsi,” anatero, “lumbirani kuti lilime lanu silidzanena. Miyezi isanu yokha. Ndikawoloka, mukanene ngakhale pa wailesi.”

Ndinalumbira, Nagat. Munthu anali atakhala m'manja mwanga, thovu likutentha. Ndipo ndinasoka. Ndi ntchito yabwino, bambo anga akananyadira, palibe msoko ukuoneka.

Usauze munthu. Ndiuze za Dalia, za mtengo wa tomato, chilichonse.

Wagdi

Sharjah, 27 Januwale 2012

Make Dalia,

Kalata yako yafika. Ndili bwino, zikomo pofunsa m'mzere womaliza.

Sunandisiyire khungu. Ukuti m'bwalomo Hajji sakhala yekha, muli ana a eni ake makumi atatu akuthamanga ngati mphepo, ndipo munthu akakomoka pachiwongolero sasankha womugunda. Ukuti tsiku lina Moza adzavula bambo ake ovololo ija, kaya kuchipatala kaya kwina, adzapeza misoko, ndipo adzadziwa singano yake. Ukuti ngati wina akanandisokera ine mimba yabodza kuti Dalia asadziwe, ukanamuthira madzi a nsomba. Zonse ndi zoona. Ndinawerenga nditaimirira.

Koma uone mbali yanga. Munthuyu anayamba ndi chitsulo ndi maloto, anapsa mapazi, anasekedwa, kawiri konse anaiona mbendera ikuperekedwa kwa wina. Chatsala ndi tsiku limodzi. Ine ndine yani kuti ndimulande? Ndipo lumbiro si malaya.

Ku Abu Dhabi sabata yatha Hajji anayendetsa gawo lawo bwinobwino, kupatula kuti chakumapeto galimoto inayamba kuphonya makona pang'onopang'ono, ngati munthu woiwala mawu a nyimbo. Tanios ananena matayala. Hajji atatuluka anayenera kugwada kuti amange Moza. Anagwada, anamanga, galimoto inapita, iwo anatsala chigwadire pasimenti. Anthu anaganiza kuti akuthokoza Mulungu. Ine ndinapita n'kunamizira kuti ndikutola chikombole, anagwira phewa langa n'kudzuka. Sanalemere kuposa Dalia.

Masana ano ndinagona pamulu wa nsalu n'kulota ndikuthira thovu m'chigoba mopanda munthu. Linafufuma, linadzaza galimoto, linatuluka m'mawindo, linayenda m'msewu mpaka ku Dumyat, ndipo anthu ankalidula n'kumagulitsa ngati maswiti. Iwe unati lakwera mtengo.

Pali mawu amodzi m'kalata yako amene sakundichoka. Unati: unalumbira ndi lilime, kodi ndi manja omwe? Sindikudziwa ngati ma shehe angavomereze nzeru imeneyi. Ikununkha Dumyat.

Mpope ukavutanso itana wina, Fathi asaugwire.

Wagdi

Sharjah, 24 Febuluwale 2012

Make Dalia,

Moni. Ndili bwino, ndipo ndili ndi nthawi yambiri yolemba, pakuti sindikupita kuntchito. Usadandaule, malipiro sanaimitse, angoimitsa ine.

Ndinayanika zovala, Nagat.

Zikombole zakale sinditaya, zimakhala m'chipinda chosungira. Lolemba ndinauza Tanios kuti muli mbewa, ndiyenera kusesa. Ndinatulutsa zonse zinayi za Hajji n'kuziimika pabenchi lalitali la kukhoma, kuyambira chobiriwira chija cha dzenje lalikulu ngati beseni mpaka chatsopano. Kumapeto ndinaika cha Moza. Ovololo ndinaipachika pamsomali, yotembenuza, ati iume. Kenako ndinayamba kusesa ndi mtima wonse.

Zinali ngati amuna anayi akhala pamzere kudikira basi, aliyense wochepa kuposa mnzake, onse osaoneka.

Moza anabwera kudzatenga magolovesi, chifukwa tsiku limenelo linali lija loyeza galimoto. Anadutsa benchi, anafika pachitseko, anabwerera. Anayenda pang'onopang'ono kuchokera koyamba. Pachachinayi anaika dzanja m'dzenje, pamene pamakhala nthiti, kenako anaika dzanja lomwelo m'chake. Dzenje la bambo ake linali lopapatiza kuposa lake.

“Amalume Wagdi, ichi ndi cha ndani?”

“Ndinalumbira, mwana wanga.”

Moza anatembenuka. Anaona ovololo, anaifinya pamimba, siponji inabwerera m'malo mwake. Anaifinyanso. Ananena motsitsa kuti nyengo yonse wakhala akumanga malamba pa matiresi, n'kuwamenya pachipewa kuti pitani. Ine ndinkasesa malo amodzimodzi.

Ndiye anavala chipewa n'kukalowa m'galimoto. Tanios anamukumbutsa monga mwa nthawi zonse: phazi lopepuka pakona yomaliza, nkhope yokhumudwa. Sindikudziwa ngati anamva. Sarab inatuluka ngati yalumidwa. Zonse zimene tinabisa zaka ziwiri anazikhuthula pamaso pa oweruza, kuzungulira ndi kuzungulira, osachotsa phazi paliponse, pamene ena onse ankayenda ngati operekeza maliro. Tanios anakuwa m'wailesi m'Chiarabu, kenako m'Chifalansa, kenako anakhala pansi n'kuvula mahedifoni. Oweruza ankalemba akumwetulira. Nkhope yokhumudwa yokha ndiyo anaikwanitsa.

Madzulo ake anatenga bambo ake kupita nawo kuchipatala chenicheni. Laisensi yapita. Ndipo oweruza atilemba mtovu umene galimoto ina iliyonse sinasenzepo.

Hajji anabwera mawa lake. Anayang'ana benchi, pakuti ndinalibe mtima wochotsa. Ndinati sindinanene kanthu kwa munthu. Anati akudziwa. “Lilime lanu ndi la Msilamu, aphunzitsi, koma manja anu ndi a ku Dumyat.” Sanakweze mawu. Anati ndisaonekenso pagaraja.

Ndiye ndili m'chipinda, ndikuyang'ana denga la fakitale ya aneba. Ndachita bwino, eti? Ukuti ndachita bwino. Bwereza, chifukwa kuno sizikumveka.

Wagdi

Sharjah, 19 Malichi 2012

Make Dalia,

Mtendere ndi madalitso. Ndili bwino, ndipo kalata ino ingonditsogolera pang'ono.

Patatsala masiku ochepa kuti mpikisano uchitike, dalaivala wa Hajji anagogoda. Anati bwana akuti mubwere ndi singano. Ndinawapeza m'garaja atakhala pampando wa pulasitiki, atafunda bulangete m'kutentha konse kuja, ndevu atameta popeza zinalibenso ntchito. Moni wanga anayankha theka. Analoza m'galimoto, pamene Tanios anali atamanga bokosi la mtovu, lalikulu, lotuwa. Anati m'galimoto yawo simunakhalepo chinthu chamaliseche, ndilikute.

Ndinafunsa nsalu yanji. Analoza pabenchi, chikombole chobiriwira chija cha masiku a mimba.

Ndili m'kati ndikusenda nsaluyo anandifunsa ngati ndamva kulemera kwa mtovuwo. Ndinati makilo makumi asanu ndi limodzi. Anati sikelo ya kuchipatala inawauza chimodzimodzi sabata yomweyo. “Mwaona, aphunzitsi? Inu mwanditulutsira pakhomo, oweruza andilowetsera pawindo.” Anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinasoka ndi maso osaona bwino, ndiye msoko wina ndi wokhota, bambo anga andikhululukire.

M'malo mwawo anayendetsa munthu wina wa ku Oman, wabwino, wosalankhula. Moza anatenga gawo lomaliza. Asanalowe anapita pakhoma pamene anakhazika bambo ake, anawerama, iwo n'kumumenya kachibakera pachipewa.

Za maola asanu ndi limodziwo ndingakuuze chiyani? Dzuwa linayenda ulendo wake. Sarab inali yolemera, potuluka m'makona inkachita ngati mayi wodzuka pamkeka, koma ikafika pamsewu wautali inkakumbuka dzina lake. Ndinakhala pafupi ndi Hajji. Sankayang'ana mawotchi. Ankatseka maso, ndipo manja awo pansi pa bulangete ankatembenuka pang'ono, kumanzere, kumanja, phazi likuponda simenti pamene galimoto ili kuseri kwa bwalo kosaoneka. Sanaphonye kona ngakhale imodzi.

Chakumapeto tinali patsogolo. Kenako matayala anatopa ndi katundu uja, ndipo galimoto yofiira ya ku Italy inayandikira, inayandikira, inadutsa. Paulendo womaliza ndinaziona zonse ziwiri zikutuluka m'nyanja ija ya phula, zikuyandama limodzi, ndipo kwa kanthawi sunakadziwa ili patsogolo ndi iti. Kenako zinatera pansi. Achiwiri, Nagat. Kachitatu. Mpata wake ngati kuchokera pakhomo pathu kufika pa ogulitsa buledi.

Tanios anayamba kutukwana mtovu, kuti popanda iwo tikanawasiya kutali. Hajji anamuletsa ndi chala. Anati asatukwane wokwera. “Ndine ndinalemera. Ndikanachepako pang'ono, tikanapambana.” Palibe anadziwa ngati aseke. Moza ndiye anayamba, chipewa chikadali kumutu, kenako kusekako kunasanduka zina, ndipo tonse tinapeza zochita kumbali.

Pambuyo pake anandiitana. Anati sanawoloke mzere ali patsogolo, ndiye mwa pangano lathu ndiyenera kukhala kuno mpaka tsiku lachiweruzo. Koma anati galimoto yatha ntchito, iwonso ali ndi ulendo wa kuchipatala kunja ndi mwana wawo, ndipo safuna munthu wokonda kusesa pafupi nawo. Sananene kuti andikhululukira. Anagwira dzanja langa, analitembenuza, analiyang'ana ngati akufuna kuligula, n'kulibweza.

Sarab aiika m'shedi pamodzi ndi abale ake. Moza wati bokosi lobiriwira lisachotsedwe.

Ndifika Lachinayi la sabata yamawa ndi ndege ya masana. Usaphe abakha awiri, mmodzi akwana, ndipo Fathi asamve. Uza Dalia kuti ndabweretsa diresi, ndipo ngati lachepa mlandu ndi wanga. Chingwe cha padenga chikhale chopanda kanthu, ndamva kale.

Mpando wanga uutulutse pakhonde, koma usaukonze, usaukunthe fumbi ndi ndodo, usaikepo pilo. Ndikufuna ndikhalepo momwe ulili, tione ngati dzenje lija likundidziwabe.

Mwamuna wako,
Wagdi